Siteshoni ya Mimico, nyumba imene inasamuka n'kusiya njanji

Lero ndili ndekha, mlendo palibe, ndiye mundipirire. Nkhani yathu ndi ya siteshoni ya sitima ya pamtunda ya ku Mimico, kum'mwera kwa Etobicoke kuno, kufupi ndi nyanja ya Ontario. Ena mwa inu mumadutsapo tsiku ndi tsiku pa sitima ya GO popita ku Union. Koma masiteshoni a Mimico alipo awiri. Ina ndi yomwe mumakwererapo ija. Inayo ndi kanyumba ka matabwa kamene kali m'paki, tsidya lina la msewu wa Royal York, ndipo palibe sitima imene imaima pakhomo pake. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene kanyumba kameneka kanafikira m'paki.

Tiyambe ndi dzina. Mimico si Chingerezi. Linachokera ku chilankhulo cha a Mississauga, eni nthaka ino azungu asanabwere, ndipo limanena za malo a njiwa zambiri. Njiwa zake zinali za mtundu umene unkauluka m'magulu aakulu mpaka kuphimba dzuwa. Anthu anazipha, kuzilonga m'migolo, kukagulitsa m'mizinda, mpaka kuzimaliza zonse. Yomaliza inafera kumalo osungirako nyama ku Cincinnati mu 1914. Ndiye tawuni ili ndi dzina la mbalame imene kulibenso padziko lonse. Kwathunso alipo malo ambiri otchedwa mayina a mitengo imene inapita kalekale ku makala, ndiye tisawaseke kwambiri.

Njanji inafika kuno mu 1855, yolumikiza Toronto ndi Hamilton, pansi pa kampani ya Great Western Railway. Kuti muone kutalika kwa nthawi, apo n'kuti David Livingstone asanaione n'komwe Nyanja ya Malawi, paja iye anafikako mu 1859. Mimico nthawi imeneyo inali minda, nyumba zapatalipatali, ndi tchalitchi cha Anglican chotchedwa Christ Church. Msewu umene lero timati Royal York unkatchedwa Church Street chifukwa cha tchalitchi chimenecho, ndipo manda ake alipobe pafupi ndi siteshoni ya GO. Njanji itangodutsa, anthu andalama anayeza maploti n'kuyamba kutsatsa, poganiza kuti anthu ogwira ntchito ku Toronto adzathamangira kudzamanga kuno. Sizinayende. Maploti ambiri anakhala thengo kwa zaka zambirimbiri. Amene munagulapo ploti chifukwa chomva kuti "tara akubwera chaka chamawa" mukudziwa mmene zimakhalira.

Chimene chinadzasintha Mimico ndi yadi. Kampani ya Grand Trunk Railway, imene inali itameza Great Western mu 1882, inkapanikizika malo pakati pa mzinda, ndiye mu 1906 inatsegula yadi yaikulu kuno: njanji zambiri zoyandikana zosanjirapo mabogi a katundu, malo othirira malasha ndi madzi, ndi nyumba yozungulira yogonekamo mainjini. Yadi imafuna anthu. Oyendetsa, othira malasha m'ng'anjo, osintha njanji, okonza mabuleki, olemba manambala a mabogi. Ndipo anthu amenewa sakanakhala kutali, chifukwa ntchito ya njanji ilibe usiku. M'matawuni a njanji ngati amenewa munkakhala anyamata amene ntchito yawo inali kukagogoda pakhomo pa woyendetsa sitima 3 koloko m'bandakucha kuti bwana, yanu yakonzeka. Nyumba zing'onozing'ono za njerwa zimene mumaziona m'misewu ya Mimico, zambiri zinayambira pamenepo. Amene mumazidziwa nyumba za Railways ku Limbe, nkhani yake ndi yomweyo. Pofika 1911 Mimico inali mudzi wokhala ndi khonsolo yake, ndipo mu 1917 inakhala tawuni, meya wakewake.

Kanyumba tikunenaka kanamangidwa cha m'ma 1916, pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Sikanali koyamba, panali ena kumbuyoku, ndipo mpaka lero kuli msewu wotchedwa Station Road kum'mwera kwa njanji. Koma ndi kokhako kamene katsala.

Mukakaona, si nyumba yodabwitsa ayi. Ndi yosasanjikiza, ya matabwa, denga lake lotsetsereka mbali zonse zinayi ndipo linatuluka kwambiri kupitirira makoma, ngati khonde la nyumba za atsamunda ku Zomba. Denga limenelo silinali lokongoletsa. Munthu woyembekezera sitima ankabisala pamenepo mvula kapena sinowo ikamagwa, ndipo katundu ankasanjidwa pomwepo. Masiteshoni a m'matawuni ang'onoang'ono a nthawi imeneyo ankamangidwa mofanana ndithu: chipinda choyembekezera chokhala ndi mabenchi ndi mbaula ya malasha, kawindo kogulitsira matikiti, chipinda cha katundu ndi maphukusi, ndi ofesi ya mkulu wa siteshoni. Chipinda chilichonse chinalipo chifukwa panali ntchito imene inkafuna munthu, ndipo munthuyo ankafuna denga. Muisunge mfundo imeneyo, tiibwereranso.

Ine chimene chimandikoka kwambiri ndi ofesi ija, mwina chifukwa cha ntchito yanga. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimakonza makompyuta ndi netiweki. Ndimathera tsiku m'tizipinda tozizira todzaza mawaya, ndipo anthu amandikumbukira pokhapokha intaneti ikaduka. M'masiteshoni akale munali munthu wa mtundu wanga: wa telegalafu. Ankakhala pa tebulo pafupi ndi windo lotulukira kunja, loti azitha kuona njanji uku ndi uku osadzuka pampando. Sitima ikadutsa, iye ankagogoda kachitsulo kake kudziwitsa woyang'anira kayendedwe ka sitima, amene anali kutali, kuti yakutiyakuti yadutsa pano nthawi yakuti. Malamulo akabwera pa waya, oti sitima iyi idikire inzake pamalo akuti, iye ankalemba papepala n'kupereka kwa woyendetsa. Pena sitima siinkaima n'komwe. Pepalalo ankalimangirira ku kandodo kopindika ngati mkombero, n'kuima m'mphepete mwa njanji, wa m'injini n'kungolowetsa mkono sitima ikuyenda. Tangoganizani, mu January, kunja kuli madigiri 20 pansi pa ziro. Akalakwitsa nambala imodzi, sitima ziwiri zikanatha kukumana maso ndi maso. Ine seva ikagwa, anthu amangodandaula kuti imelo sikutuluka.

Ngakhale nthawi imene ili pa foni yanuyo ili ndi fungo la njanji. Kale tawuni iliyonse inali ndi 12 koloko yakeyake, kutengera pamene dzuwa lafika paliwombo. Ndi ngolo ya mahatchi zinalibe vuto, koma ndi sitima chinali chisokonezo. Mmodzi mwa anthu amene analimbikira kuti dziko ligawidwe m'zigawo za nthawi anali Sandford Fleming, injiniya wa njanji, ndipo nkhaniyi anaikamba kuno ku Toronto mu 1879. Makampani a njanji a ku North America anayamba kutsata nthawi yogwirizana pa 18 November 1883. Kuyambira apo wotchi ya pasiteshoni inkalandira nthawi pa waya, ndipo anthu a m'tawuni ankatchera mawotchi awo poyang'ana imeneyo. Ife lero timachita zomwezo: makompyuta onse mu ofesi amafunsa nthawi kwa seva imodzi, ndipo ikasiyana ndi mphindi zochepa chabe, anthu amakanika kulowa m'maakaunti awo. Basi ndapatuka, tibwerere.

Grand Trunk siinakhalitse kanyumbaka katamangidwa. Mkulu wake, Charles Melville Hays, anali atamira ndi sitima ya pamadzi ya Titanic mu 1912, kampani inali m'ngongole zoopsa chifukwa cha njanji yopita kumadzulo kwa dziko, ndipo boma linailanda. Pofika 1923 inali mbali ya Canadian National, imene timangoti CN. Chikwangwani chinasintha, ntchito n'kumapitirira.

Kenako zinthu zinayamba kuchoka chimodzichimodzi. Msewu waukulu wa Queen Elizabeth Way unatsegulidwa mu 1939, pambuyo pake Gardiner, ndipo aliyense amene akanatha anagula galimoto. Mainjini a dizilo analowa m'malo mwa a malasha, ndipo pofika 1960 CN inali itasiya a malashawo. Injini ya dizilo sifuna wothira malasha, sifuna thanki ya madzi pamtunda uliwonse, sifuna gulu la anthu oipukuta usiku wonse. Mu 1965 CN inatsegula yadi yatsopano yaikulu kumpoto, ku Vaughan, imene lero imatchedwa MacMillan, ndipo ntchito yambiri yosanja mabogi a katundu inasamukira kumeneko. Ndiye kunabwera chaka cha 1967, chimene kwa Mimico chinali ngati maliro awiri pakhomo limodzi. Tawuniyo inathetsedwa n'kuphatikizidwa ku Etobicoke, meya ndi khonsolo zonse kutha. Chaka chomwecho, pa 23 May, boma la Ontario linayambitsa sitima za GO, ndipo okwera anapatsidwa malo atsopano kum'mawa kwa Royal York. Siteshoni yakale inatsala kumadzulo, yopanda wogula tikiti.

Siinagwetsedwe nthawi yomweyo. Kwa zaka zingapo anthu ogwira ntchito panjanji ankaigwiritsa ntchito, ena kugonamo podikira ulendo wobwerera. Itasiyidwa, inayamba kuoneka mmene nyumba iliyonse yosiyidwa imaonekera: mawindo okhomedwa matabwa, denga lodontha, makoma olembedwalembedwa ndi penti. Malo atagulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mwini watsopano analibe nayo ntchito, ndipo chimene chinatsala chinali kuigumula.

Apa ndi pamene anthu wamba a m'deralo anadzuka. Anapanga gulu, Mimico Station Community Organization, n'kuyamba kuvutitsa khonsolo ya mzinda, kusonkha ndalama, kupempha amisiri kuti athandize. Mu 2007 nyumba yonse inanyamulidwa, osaiphwasula, n'kukaikidwa pa maziko atsopano m'paki ya Coronation, pamphambano ya Judson ndi Royal York. Chenjerani, si Coronation Park yaikulu ija ya kunyanja pafupi ndi Exhibition, iyi ndi yaing'ono. Kwa inu amene muli kumudzi, kunyamula nyumba kuno n'kotheka chifukwa ndi ya matabwa. Amalowetsa zitsulo pansi, kuikweza ndi majeki, kuiika pa matayala, thiraki n'kumakoka pang'onopang'ono ngati maliro a mfumu. Ya njerwa zowotcha ndi dothi ngati zathu zija mungangotsala ndi mulu. Atafika nayo anakonza denga, makoma, mawindo, mpaka kunja kwake kunabwerera mwakale.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ena mutsutsa, palibe vuto. Anthu amenewa ndimawavulira chipewa. Sanali boma, sanali kampani, anali anthu opuma pantchito, ana a anthu a njanji, amayi ndi abambo a m'misewu yomweyi. Koma chimene anapulumutsa ndi chigoba. Mukaima pakhonde pake lero, kutsogolo kwanu kuli udzu ndi agalu oyendetsedwa pa chingwe. Sitima mumaimva ikudutsa chapafupi, koma siyang'anako. Ndipo gawo lovuta la nkhani ngati izi si tsiku lonyamula nyumba, pamene pali makamera ndi anthu owomba m'manja. Ndi zaka zotsatirazo, pofunika wolipira magetsi, wotenthetsa nyumba m'nyengo yozizira, wotsegula chitseko Loweruka. Maloto anali oti mukhale malo osungiramo mbiri ya njanji ndi ochitiramo misonkhano ya m'dera. Ine ulendo uliwonse umene ndadutsapo ndapeza chitseko chili chotseka. Nyumba yopanda ntchito imakalamba msanga, ngakhale ili ndi penti watsopano.

Nanga siteshoni yamoyo ija, ya GO, ikuoneka bwanji? Mapulatifomu, tizipinda ta magalasi tobisalamo mphepo, kanjira kapansi kodutsa kunsi kwa njanji, malo oimika magalimoto, kanyumba kakang'ono, ndi timakina togunditsapo khadi. Mukukumbukira ndinati chipinda chilichonse chinalipo chifukwa cha ntchito? Onani kumene ntchitozo zinapita. Kawindo ka matikiti kanalowa mu khadi ya Presto, ndipo pano ngakhale khadi ya kubanki imagwira. Wa telegalafu analowa m'mawaya ndi m'makompyuta a kuchipinda choyang'anira chimene okwera sachiona. Wotchi ili m'thumba mwanu. Maphukusi anapita ku mathiraki. Chipinda choyembekezera chinachepa chifukwa foni imakuuza kuti sitima yatsala mphindi zingati, ndiye umachoka kunyumba mochita kuyeza. Anthu a ntchito yangayi ndi amene tinaidya nyumba imene ija, chipinda ndi chipinda. Sindikunena modandaula. Kuchokera pa Mimico kukafika ku Union ndi mphindi pafupifupi 15, kuima pa Exhibition pokha, pa sitima yosanjikiza yobiriwira ija, ndipo palibe amene angasinthanitse zimenezo ndi benchi ndi mbaula. Anthu okwera pano ndi ochuluka kuposa amene kanyumba kakale kanawaonapo. Yadi nayo siinafe: mbali ina ndi kumene GO imakonzera sitima zake, ku Willowbrook, mbali ina ndi ya VIA Rail.

Chokhacho, kuphweka kumeneku kuli ndi amene kunawaiwala. Kwa zaka zambiri Mimico yakhala m'gulu la masiteshoni ochepa a GO opanda chikepe, masitepe okhaokha. Munthu wa pa njinga ya olumala, mayi wokankha mwana, gogo wa mawondo, onsewo zawo zinada. Panali pangano loti kampani ina yomanga nyumba imange nyumba zitalizitali zogona pambali pa njanji, n'kumangiramo siteshoni yatsopano yokhala ndi zonse. Zithunzi zake zinali zokongola kwabasi. Kampaniyo inagwa m'ngongole cha m'ma 2023, pangano n'kutha. Maploti a m'ma 1850 aja, mwawakumbukira eti?

Tsopano ndiloleni ndiwoloke nyanja, chifukwa njanji ya kuno ndi ya kwathu zili pachibale kuposa mmene ambiri timadziwira. Njanji yathu yoyamba, ya Shire Highlands Railway, inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Mu 1935 inafika ku Salima, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa kuti katundu azifika ku Beira osatsitsidwa. Ya ku Nkaya kupita ku Nayuchi, njira ya ku Nacala, inabwera mu 1970. Koma yochokera ku Salima kukafika ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada. Ena mwa mainjini a dizilo a Malawi Railways anapangidwa ku Montreal. Ndiye gogo wina amene ndingakhale naye pampando umodzi pa GO, msonkho wake unagona pa njanji ya ku Kanengo, iye osadziwa, inenso osamuthokoza.

Ine ndinakulira kufupi ndi njanji, ndipo siteshoni imene ndimaidziwa bwino ndi ya Balaka. Tsiku la sitima linkadziwika ngakhale kwa mbuzi. Amayi a nthochi, anyamata a nzimbe ndi mandasi, matumba a chimanga, madengu a tomato, nkhuku zomangidwa miyendo, malonda onse kudzera pawindo, chenji kuponyedwa sitima itayamba kale kuyenda. Nyumba ya siteshoni payokha sindingakuuzeni kuti inali ya penti wanji. Palibe ankaiyang'ana. Tinkayang'ana anthu. Ku Mimico anasunga nyumba anthu atachoka. Kwathu m'malo ambiri nyumba zinatsala pomwepo pambali pa njanji, palibe anazisuntha, koma sitima ndi imene inachoka. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, madzi anakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, ndipo masiteshoni a kumunsi kwa Shire anangoti zii. Kuyambira 1999 njanji inapita m'manja mwa Central East African Railways, ndipo phindu lenileni lili pa katundu. Sitima zitalizitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala, ndipo malasha safuna benchi kapena kawindo ka tikiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti kuno, ndikafuna kudziwa mmene Mimico inkaonekera zaka 100 zapitazo, ndimatsegula laputopu n'kupeza zithunzi zakale zosungidwa ndi mzinda ndi malaibulale, mamapu, ndandanda za nthawi ya sitima. Yesani kufufuza chithunzi cha siteshoni ya Luchenza, ya Sankhulani, ya Chipoka, ya Golomoti mmene inalili m'ma 1970. Mupeza zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa zochepazo anajambula ndi alendo okonda mainjini, amene ankaloza kamera pa injini osati pa anthu. Injini yakale ya malasha ilipo panja pa Museum ya ku Chichiri, ana asukulu amakaiona. Koma mkulu wa siteshoni amene ankakweza mbendera pa Sankhulani, kapena mayi amene anaphunzitsa ana ake onse ndi ndalama za nthochi za pawindo, amenewo akutha mmodzimmodzi, ndipo zimene akudziwa sizili pa seva iliyonse. Sitingathe kunyamula nyumba ndi majeki, ndalama zake tilibe, ndipo kunena zoona si chimene chikufunika poyamba. Foni ili ndi kamera ndi chojambulira mawu, ndipo ili kale m'manja mwa mdzukulu wawo.

Ndiye pempho langa kwa inu amene muli kumudzi ndi ili. Ngati mumakhala pafupi ndi siteshoni, yogwira ntchito kapena yakufa, ijambuleni mbali zonse zinayi, chikwangwani cha dzina ngati chilipo, ndi mkati ngati akulolezani. Pemphani kaye kwa oyang'anira, musakakwere pa njanji, ndipo musakanene kuti anakutumani ndi wa ku Canada. Ngati kwanu kuli agogo amene anagwirapo ntchito ku Railways, khalani nawo pansi, afunseni ntchito yawo inkayamba nthawi yanji, ankalandira zingati, sitima ikachedwa ankadziwa bwanji. Lembani tsiku ndi dzina la malo pa fayilo iliyonse, chonde, ndikupempha ngati munthu amene amalandira mafoda odzaza zithunzi zotchedwa IMG ndi manambala basi. Ndipo musatumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imachepetsa ukulu wake. Tumizani ngati dokyumenti. Ine malo osungira ndili nawo, ndipo ndidzazisanja kuti aliyense azitha kuziona.

Kwa inu a kuno, mukatsika pa Mimico GO tulukirani ku Royal York, wolokani msewu pa maloboti, paki ili pakona ya Judson, mphindi zosakwana zisanu wapansi. Mukamaliza kuzungulira kanyumbako, San Remo Bakery ili chakumtunda pang'ono mumsewu womwewo, koma Loweruka mzere wake umafika panja, ndiye mulawire.